Nyimbo za Zamrock Zinatsala pa Mbale, Koma Phokoso la M'bwalo Linapita ndi Mphepo

LUANGWA. M'mwezi wa October caka ca 2024, woimba wina wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yochedwa Noid. Anthu miyandamiyanda a m'maiko akutali anaimva, ndipo m'kati mwake anamvamo mau a munthu woimba m'cilankhulo cimene iwo sacidziwa. Cilankhuloco ndi Cinyanja ca m'makomboni a Lusaka, ndipo mwini mauwo ndi malemu Paul Ngozi, amene anamwalira m'caka ca 1989. Cidutswa cimene Mmerekayo anabwereka cinacokera m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi, ya pa mbale yochedwa 45,000 Volts, imene gulu la Ngozi Family linatulutsa m'caka ca 1977.

Kwa amuna ndi akazi a m'boma la Luangwa amene lero ali ndi imvi, dzina la Paul Ngozi si lacilendo ai. M'masiku amene dzina lakale la Feira linali likali pakamwa pa aliyense, mseu wocokera pa ulalo wa Luangwa kufika pa boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 90, unali wafumbi m'cilimwe ndi wamatope m'dzinja. M'midzi munalibe magetsi. Nyimbo zatsopano zinali kufika m'njira ziwiri: pa wailesi ya mabatire, ndiponso m'masutikesi a anyamata obwerera kumudzi kucokera ku Lusaka ndi ku migodi, amene anali kunyamula galamafoni yaing'ono ndi mbale zingapo zokulunga m'malaya. Aphunzitsi, apolisi ndi akalaliki a pa boma nawonso anali nazo zao.

Tero anthu a kuno anazimva nyimbozo, koma ndi owerengeka okha amene anawaona oimbawo ndi maso. Ndipo amene anawaona amanena cinthu cimodzi, cakuti mbale inali kusunga theka cabe la zimene anyamatawo anali kucita pamaso pa khamu.

Magitala olira ngati mavu

Nyimbo zimenezi zichedwa Zamrock, dzina limene anthu ambiri amati linayamba ndi muulutsi wa pa wailesi Manasseh Phiri, yemwe pambuyo pake anadziwika monga dokotala wolimbana ndi matenda a Edzi. Zinabadwira makamaka ku migodi, kumene ndalama za mkuwa zinali kulola anyamata kugula mbale za The Beatles, The Rolling Stones, Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath. M'caka ca 1970 James Brown wa ku America anadzaimba ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo mabvinidwe ake anawasiya acinyamata kukamwa kuli yasa. Anyamata athu anatenga magitala a magetsi, nalumikizako kabokosi kopondedwa ndi phazi kamene kacititsa gitala kulira mosasa ngati mavu otsekeredwa m'citini, nasakaniza zimenezo ndi kaombedwe ka ng'oma za kwao.

Gulu limene linaposa onse pa kuchuka ndi WITCH, la ku Kitwe. Zilembo zisanuzo ziimira mau a Cingerezi otanthauza kuti afuna kuutsa cipwirikiti, ndipo sanali kunama. Woimba wao, Emmanuel Chanda, anapatsidwa dzina lakuti Jagari potengera Mick Jagger wa The Rolling Stones, cifukwa ca kulumpha ndi kudzipinda kwake pa nsanja. Gululo linali kuyamba kuimba madzulo ndi kuleka pakati pa usiku patapita, ndipo nthawi zina apolisi anali kuitanidwa kudzaletsa anthu otsala panja kuti asathyole zitseko. Linayenda ndi kuimba m'maiko oyandikana nafe, kuphatikizapo Malawi ndi Botswana.

Panalinso Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, imene inakhala nthawi ku Kenya, ndi Amanaz ya Keith Kabwe ndi anzake, imene inasiya mbale imodzi yokha, Africa, ya m'caka ca 1975. Koma kwa olankhula Cinyanja, mwini bwalo anali Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, wobadwa m'caka ca 1949 ndi kukulira m'makomboni a Lusaka. Iye anali kuimba za njala, za mowa, za miseche ndi za umphawi wa m'tauni m'cilankhulo cimene mai wogulitsa nsomba zouma pa ulalo wa Luangwa angamve popanda womasulira. Anali kuliza gitala ndi mano monga Hendrix, pamene Chrissy Zebby Tembo anali kusakaza ng'oma kumbuyo kwake. Zimenezo khutu lokha silingazione.

M'caka ca 1975 a Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zomveka pa wailesi ya Boma zikhale za oimba a m'dziko lino. Lamulolo linatsegula khomo lalikulu. Mwadzidzidzi wailesi inafuna mbale zambiri za kuno kwathu, ndipo magulu anayamba kuthamangira kukajambulitsa.

Mbale yojambulidwa pamaso pa khamu

Mbale za nyimbo ziri za mitundu iwiri. Zambiri zijambulidwa m'cipinda cotseka, copanda phokoso lakunja, mmene oimba angathe kubwereza nyimbo imodzi kakhumi kufikira itakoma. Koma ziripo zina zimene zijambulidwa pa tsiku lenileni la cionetsero, m'holo kapena m'bwalo la mpira, anthu ali kukuwa, kuomba m'manja ndi kuimba pamodzi ndi gulu. Pa mbale yotere nyimbo ya mphindi 4 ingathe kutalika kufika mphindi 10 kapena 20, popeza woliza gitala amatsata mtima wa khamu. Mumamveka woimba akupuma mwabefu, akuseka, akuitana anthu ndipo iwo akumuyankha. Munthu wa kumudzi sangadabwe nazo zimenezi, pakuti adziwa kuti nyimbo ya pa mtondo kapena ya pa maliro siikhala nyimbo ngati palibe olandira.

Nchito yake ndi yaikulu ndiponso yodya ndalama. Ciliconse coimbira cifuna maikolofoni yake, ng'oma zokha zifuna angapo, ndipo ena amaikidwa moloza kwa anthu kuti atole phokoso lao. Nthambo za maikolofoni onsewo zimapita ku galimoto lalikulu loimikidwa kunja kwa bwalo, mmene muli makina ojambula pa tepi yotambalala yogawidwa m'mizere 8, 16 kapena 24, ciliconse coimbira pa mzere wakewake. Pambuyo pake akatswiri amakhala pansi masiku ambiri kusakaniza mizereyo, kukweza mau a woimba apa, kucepetsa ng'oma apo. Tisabise, nthawi zina oimba amabwerera m'cipinda kukakonza pamene anaphonya, kotero kuti mbale zina zochedwa za pa bwalo ziri ndi zigamba zosokedwa mwaluso.

Gulu la The Rolling Stones linali ndi galimoto lotere lakelake, limene linali kubwerekedwa ndi magulu ena. Ndi galimoto lomwelo limene linajambula Bob Marley ku London mu July 1975, pa mbale yochedwa Live! Gulu la Deep Purple linajambula Made in Japan m'mizinda ya Osaka ndi Tokyo mu August 1972, ndipo kufikira lero ambiri amaiyesa mbale yoposa zimene gululo linajambula m'cipinda.

Citsanzo codziwika kwambiri ca m'bwalo la mpira ndi ca gulu la Queen. Pa 11 ndi 12 July 1986 gululo linaimba m'bwalo la Wembley ku London, pamaso pa anthu pafupifupi 72,000 tsiku lililonse. Woimba wao, Freddie Mercury, anali mwana wobadwira mu Africa muno, pa cisumbu ca Zanzibar, m'caka ca 1946. Ulendo wa caka cimeneco unali wotsiriza kwa iye kuimba pamaso pa anthu pamodzi ndi gululo. Anamwalira ndi Edzi pa 24 November 1991, ndipo mbale ya Live at Wembley '86 inatuluka m'caka cotsatira. Cifukwa ca tepi ya tsiku limenelo, mwana wobadwa dzulo angathe kumva mmene munthu mmodzi anali kuimbitsira bwalo lonse ngati kwaya ya m'chalichi. Komabe mbiri ya gululo iri ndi banga kwa anthu a cigawo cino ca Africa: mu October 1984 linakaimba ku Sun City, m'dziko la South Africa la tsankho, pa nthawi imene United Nations inali kupempha oimba onse kuti asapondeko. Linalipitsidwa ndi bungwe la oimba la kwao ndi kulembedwa pa mndandanda wa ophwanya ciletso.

Nanga kuno kwathu?

Mbale zisanu zimene WITCH inatulutsa ndi Jagari m'zaka za m'ma 1970, ndizo Introduction, In the Past, Lazy Bones!!, Lukombo Vibes ndi ina yokhala ndi nyimbo ya Janet, zonse zinajambulidwa m'cipinda. Cimodzimodzinso Africa ya Amanaz, ndi Day of Judgement ndi 45,000 Volts za Ngozi Family. Malo ojambulira anali ocepa: Malachite ku Chingola, imene inali ya makampani a migodi ndipo nchito yake yeniyeni inali ya mafilimu, ndi DB Studio ku Lusaka, kumene kunajambulidwa Lazy Bones!! m'caka ca 1975. Kampani ya Teal inali ndi makina odindira mbale ku Ndola, ndipo Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour anatulutsa mbale za magulu ambiri. Ena anali kukwera ndeke mpaka ku Nairobi, tepi iri m'manja, kukajambula kapena kukadinditsa.

Oimbawo sitingawaimbe mlandu. Gulu limene likuvutika kupeza nthambo za gitala silingaganize za galimoto lojambulira. Mtengo wa mafuta unakwera koopsa kuyambira 1973, caka comwe boma la Ian Smith linatseka malire a Rhodesia, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa. Ndalama zakunja zogulira matepi, zoimbira ndi zipangizo zodindira mbale zinayamba kusowa. Anthu amene anali kugula mbale mwezi ndi mwezi anayamba kuimirira pa mizere yogula sopo, mafuta ophikira ndi unga.

Cinanso cinali nkhondo, ndipo pa nkhani imeneyi anthu a Luangwa safuna wowauza. Boma lino liri pamene mtsinje wa Luangwa uthira mu Zambezi. Tsidya lina kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya linanso kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Pa 6 March 1978 asilikali a Rhodesia anaoloka ndi ndeke zao nakantha msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA ku Kavalamanja. Anafa omenyera ufulu, asilikali a Zambia ndi anthu wamba, ndipo midzi inabalalika. Ndi cifukwa cake caka ndi caka m'mwezi wa March kumacitika mwambo wa cikumbutso kumeneko. Pa 19 October caka comweco adaniwo anaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka ndi wina ku Mkushi, kumene anaphedwanso Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi amene mau ake anali odziwika m'midzi kuyambira m'masiku a kawailesi kochedwa Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949.

Pofuna kuteteza mizinda, Boma linaika lamulo loletsa kuyenda usiku ndi lozimitsa magetsi. Kwa gulu lodya za usiku, limeneli linali ngati khasu lathyoka pakati pa dzinja. Magulu anayesa kuimba masana, koma ndalama za masana sizinafike pa za usiku. Jagari anacoka m'gulu nakaphunzira uphunzitsi wa nyimbo, ndipo pambuyo pake anakakhala wokumba miyala ya mtengo wapatali. Disko, rumba ya ku Zaire ndi kalindula zinatenga malo, makaseti okopedwa mwakuba anapha malonda a mbale, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 Edzi inakolola oimba ambiri a mbadwo umenewo. Mwa amene anayamba WITCH, Jagari yekha ndiye anatsala. Ngakhale bwalo la Dag Hammarskjöld la ku Ndola linagumulidwa.

Tsidya la Zambezi

Ufulu umene anthu a ku Kavalamanja anaufera unafika mu April 1980, ndipo unalandiridwa ndi nyimbo m'bwalo la mpira. Usiku wa pa 17 April, m'bwalo la Rufaro ku Salisbury, imene lero ndi Harare, mbendera ya Britain inatsitsidwa ndipo ya Zimbabwe inakwezedwa. Bob Marley ndi gulu lake la The Wailers anaimba usiku umenewo, atadzilipirira okha ulendo ndi ndeke yonyamula zokuzira mau. Anthu otsekeredwa panja anakankha zipata, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo nyimbo zinaima kwa kanthawi. M'mawa mwake Marley anaimbanso kwaulere kuti wosauka nayenso amve. Zithunzi za kanema za usikuwo zinasungidwa ndipo zionekabe.

M'bwalo lomwelo, mu February 1987, Paul Simon wa ku America anaimba pamodzi ndi Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi Ladysmith Black Mambazo, ndipo cionetseroco cinajambulidwa bwino lomwe ndi kugulitsidwa pa dziko lonse ndi dzina lakuti Graceland: The African Concert. Ambiri anamutsutsa Simon cifukwa cokajambula nyimbo ku Johannesburg pa nthawi ya ciletso, ndipo mkangano umenewo sunathe msanga. Koma owerenga athu angakondwe kudziwa kuti mtsogoleri wa magitala pa nsanja imeneyo anali Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene anakulira pafupi ndi Nelspruit m'banja la mlendo wocokera ku Malawi, mmodzi wa zikwi za anthu a mtundu wathu amene anapita kum'mwera kukafuna nchito. Phiri anamwalira mu July 2017, koma aliyense wofuna kuona mmene anali kubvinira ndi gitala lake angathe kumuona. Mwai umenewo ndi umene mbale za Paul Ngozi sizipatsa.

Kuuka kwa Zamrock

Patapita zaka pafupifupi 30 nyimbozi ziri m'fumbi, anthu osonkhanitsa mbale zakale ku Ulaya ndi ku America anayamba kuzifunafuna. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, yotsogozedwa ndi Eothen Alapatt, inagwirizana ndi oimba otsala ndi mabanja a omwalira, nitulutsanso nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya m'caka ca 2010, za WITCH m'caka ca 2012, ndi mbale ziwiri za magulu osiyanasiyana zochedwa Welcome to Zamrock! m'caka ca 2017. Zina zinatengedwa pa matepi oyambirira amene eni ake anasunga, koma pamene tepi inatayika, akatswiri anakopera pa mbale yakale yopezeka kwa munthu wamba. Kunena kwina, nyimbo zina ziripo lero cifukwa cakuti munthu wina sanataye mbale yake kudzala.

Mtaliyana wina, Gio Arlotta, anapanga filimu ya moyo wa Jagari imene inatuluka m'caka ca 2019. Gulu la WITCH linaukanso, Jagari ali pamodzi ndi Patrick Mwondela, amene analowa m'gululo m'masiku a disko, ndi oimba acinyamata a ku Ulaya ndi a kuno. Linatulutsa mbale ya Zango m'caka ca 2023, mmene munaimbanso Sampa the Great, ndi ya Sogolo m'caka ca 2025. Jagari, wa zaka zoposa 70, anakhala akulumphabe pa nsanja za ku Ulaya ndi ku America, ndipo tsopano kulumpha kulikonse kumajambulidwa ndi mafoni mazanamazana. Travis Scott nayenso anabwereka nyimbo ya Amanaz m'caka ca 2023. Ku Kabwata, mu Lusaka, kuli mseu wochedwa ndi dzina la Paul Ngozi.

Mbale ziri m'sutikesi

M'nyumba zina za m'boma lino, pansi pa kama kapena m'thiranki la malemu, mungakhale mukali mbale za masiku amenewo. Mdani wao wamkulu ndi dzuwa la m'cigwa cino, kumene m'mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40. Mbale yosiyidwa pa dzuwa kapena pafupi ndi denga la malata imapindika ngati cikumba couma, ndipo ikapindika singano imalumpha. Iyenera kuimikidwa ciriri, osati kusanjikizidwa, m'malo a mthunzi, iri m'cikuto cake, kutali ndi ciswe. Popukuta pafunika kansalu kofewa ndi madzi oyera pang'ono, osati parafini. Ndipo galamafoni ya agogo yopukusa ndi dzanja, ya singano yacitsulo, inapangidwira mbale zolemera zakale zozungulira ka 78 pa mphindi. Ikaikidwa pa mbale ya Zamrock, yozungulira ka 33 kapena ka 45, imalima mizere yake ndi kuiononga tsiku lomwelo.

Cikuto naco ndi cuma, pakuti ndi pamene panalembedwa maina a oimba, caka ndi malo ojambulira. Osonkhanitsa akunja amalipira ndalama zambiri pa mbale zoyambirira zosakalika, kotero munthu asafulumire kusinthanitsa ndi mtengo wa nkhuku asanafunse. Koma kugula mbale si kugula nyimbo ai. Lamulo la m'caka ca 1994 loteteza eni nyimbo ndi zolemba linena kuti nyimbo ikhalabe ya woipeka ndi olowa m'malo mwake, ndipo bungwe la ZAMCOPS ndilo litolera malipiro ao pamene nyimbozo ziulutsidwa kapena kuimbidwa poyera.

Boma la Luangwa liribe bwalo longa Wembley, koma liri ndi makhamu ake oimba. Pa mwambo wa Dantho wa Acikunda kwa Mfumu Mphuka, ndi pa Mbambala wa Ansenga-Luzi kwa Mfumu Yaikulu Mburuma, ng'oma, oimba ndi olandira zimamveka pamodzi monga momwe mbale ya pa bwalo ifunira, ndipo foni ya m'thumba lero ijambula bwino kuposa makina ena amene magulu a Zamrock anayambira. Cimene cimasowa kawirikawiri ndi cilolezo ca eni mwambo ndi kapepala konena woimba, mudzi ndi tsiku. Hugh Tracey, amene anayenda m'dziko lino m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ojambulira m'galimoto, anali kulemba zimenezo pa nyimbo iliyonse. Zojambula zakezo zisungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa m'caka ca 1954, ndipo lero iri pa Rhodes University mu mzinda wa Makhanda ku South Africa, kumene zidzukulu za oimbawo zingathe kufunsa dzina la agogo ao ndi kumva mau ao.